Kadontho ndi Ng'ombe ya Pakhoma

Uyu ndi Kadontho. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake. Bambo akewo amapenta zikwangwani ndi makoma a masitolo. Tsiku lomwe Kadontho anabadwa, iwo anamusuzumira m'kansalu. Anati, "Kuchepa kwakeku! Ngati kadontho ka penti." Dzina linakakamira pomwepo.

Kadontho ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna mano ake. Sankawafuna mawa. Ankawafuna lero.

Anali mano awiri akutsogolo, am'mwamba. Limodzi linaguluka Lolemba. Linatsalira mu nzimbe. Linzake linaguluka Lachitatu. Linagwera m'kapu ya tiyi. Chubwi!

Pamene panali mano panatsala mpata. Mpata wotere amati magweru.

Kadontho anali ndi achimwene ake. Achimwenewo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mano awo anali onse. Pakamwa pawo sipankapuma.

"Eee, agogo adzuka!" anatero Achimwene. "Mwadzuka bwanji, agogo? Tikunyowetsereni buledi?"

"Amayi, auzeni asiye!" anatero Kadontho.

"Chipata chatseguka!" anakuwa Achimwene. "Malole alowe! Pii! Pii!"

"Iwe, usiye mwana," anatero Amayi. "Nawenso unali choncho."

"Ine? Ayi ndithu. Ine ndinabadwa nawo."

Kadontho anapita pagalasi. Anamwetulira. Mtsikana wa m'galasi anamwetulira ndi magweru. Kadontho sanamukonde.

Anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Sindisekanso," anatero kuseri kwa dzanja. "Sindisekanso mpaka mano amere."

* * *

"Amayi, amera liti?"

"Posachedwa, mwanangu."

"Posachedwa ndi liti?"

"Mwina mwezi. Mwina miyezi itatu."

"Miyezi itatu!"

Kadontho anaganiza. Mano amamera. Mbewu nazonso zimamera. Mbewu zimafuna madzi. Kadontho anamwa madzi makapu anayi. Anathamangira pagalasi. Palibe chinamera.

Anaganizanso. Mbewu zimafuna dzuwa. Kadontho anapita kuseri kwa nyumba. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kunalibe munthu. Anayasamula kuloza kudzuwa. Anadikira. Anadikira. Khosi linawawa. Ntchentche inafuna kulowa. Palibe chinamera.

Dzanja linabwerera pakamwa.

Kukhala ndi dzanja pakamwa ndi ntchito. Kadontho ankakonda kulumpha chingwe. Chingwe chimafuna manja awiri. Ankakonda kuomba m'manja. Kuomba kumafuna manja awiri. Ankakonda kuimba. Tsopano ankaimbira m'mphuno.

Kusukulu aphunzitsi anafunsa funso. Kadontho ankadziwa yankho. Yankho linafika mpaka pamilomo. Linapeza potseka. Linabwerera m'mimba.

Sabata inatha. Ina inathanso. Kadontho sanaseke.

"M'nyumba muno mwazizira," anatero Ababa tsiku lina. "Kaseko kathu kanapita kuti?"

Kadontho anangogwedeza mapewa.

* * *

Loweruka m'mawa Ababa anatulutsa makwerero.

"Lero ndili ndi khoma lalikulu," anatero. "Kusitolo ya mkaka."

"Mutengeni uyu," anatero Amayi. "Akapitidweko mphepo."

Ababa ananyamula makwerero. Achimwene ananyamula zitini za penti. Kadontho ananyamula maburashi. Anawanyamula ndi dzanja limodzi.

Bambo a sitolo anali atadikira pakhomo. Anali afupi. Anali ndi ndevu zopesa bwino.

"Amisiri, mwafika! Mvetserani. Ndikufuna ng'ombe yoseka. Anthu akaiona, aseke. Akaseka, alowe. Akalowa, agule mkaka."

Anatulutsa paketi ya mkaka. Papaketi panali ng'ombe. Inavala chipewa. Inkaseka. Mano mbee!

"Ngati iyi," anatero. "Kapena ija imavina pa kanema ija."

"Kapena iyi," anatero Achimwene. Analoza malaya awo. Pamalaya panali ng'ombe ya magalasi akuda. Nayo inkaseka. Mano mbee!

"Musade nkhawa, bwana," anatero Ababa. "Ng'ombe ndapenta zambiri. Ndikhoza kupenta nditatsinzina."

Ababa anapukuta khoma. Anatenga choko. Anajambula mutu. Anajambula nyanga. Anajambula mimba yaikulu. Ng'ombe inaima ndi miyendo iwiri ngati munthu. Inagwira kapu ya mkaka.

Kenaka anatsegula zitini. Anapaka penti woyera. Anapaka wakuda, apa ndi apo. Anapaka wa pinki pamphuno. Anapaka wachikasu pabelu la m'khosi. Anaipatsa nsidze zazitali. Kukhutu anaikako duwa lofiira. Ababa amaika duwa lofiira paliponse. Amati duwalo ndi Amayi, kuti azioneka m'misewu yonse.

Kadontho anaiyang'ana ng'ombeyo. Inali yokongola. Anayamba kuikonda. Anaganiza kuti akanakwera pamsana pake. Akanauluka nayo pamwamba pa madenga.

Kenaka Ababa anati, "Kadontho, patse kaburashi kakang'ono."

Ababa anayamba mano. Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi. Anapenta asanu ndi atatu m'munsi. Anapenta asanu ndi atatu m'mwamba. Aakuluakulu. Ondondozana. Mbee!

Ng'ombe inaseka.

Kadontho anasunthira kumanja. Ng'ombe inamuyang'ana. Anasunthira kumanzere. Ng'ombe inamuyang'anabe. Inkaseka ndi mano ake onse.

"Agogo," anatero Achimwene, "ngakhale ng'ombe yakuposani. Kaipempheni awiri. Ili nawo ambiri."

Kadontho anachokapo. Anakhala pansi kuseri kwa makwerero. Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Sankaikondanso ng'ombeyo. Ngakhale pang'ono.

* * *

Ngiri! Ngiri! Linalira belu la njinga.

Anafika mayi wina wamtali. Anavala majombo akuda. Panjinga anamangapo zigubu ziwiri za mkaka. Awa anali Mayi a ng'ombe. Ndiwo ankabweretsa mkaka kusitolo.

Mayi a ng'ombe anatsika. Anayang'ana khoma. Anapendeketsa mutu. Kenaka anaphulika chiseko. Anaseka mpaka njinga inafuna kugwa.

"Mwaona?" anatero Bambo a sitolo. "Yayamba kale ntchito!"

"Amisiri," anatero Mayi a ng'ombe, akupukuta misozi. "Hatchi yanuyi inamera liti nyanga?"

Ababa anatsika pamakwerero. Sanasangalale.

"Iyi ndi ng'ombe, mayi."

"Ng'ombe ya kuti?"

"Ng'ombe basi. Onani nyanga. Onani mchira."

"Kuima ndi miyendo iwiri, ndakukhululukirani. Duwa kukhutu, ndakukhululukirani. Koma manowo, ayi. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo am'mwamba."

Kadontho anadzutsa mutu.

"Mayi," anatero Ababa, "ine ndapenta ng'ombe zaka makumi awiri."

"Munayang'anamo mkamwa mwa ng'ombe?"

Ababa anakanda m'mutu. Penti wa m'manja anatsalira m'tsitsi, linada ndi kuyera ngati ng'ombe yomwe.

"Ndimaonera papaketi," anatero.

"Nanga wa paketiyo anaonera pati?"

"Mwina pa kanema."

"Nanga wa kanemayo?"

"Mwina papaketi," anatero Achimwene.

Mayi a ng'ombe anasekanso. "Ana a m'tauni inu! Mkaka kumwa tsiku ndi tsiku. Mwini mkaka osamudziwa."

Kadontho anaimirira. Anasendera pafupi.

"Mmzoona?" anatero kuseri kwa dzanja.

"Ukuti chiyani, kamwana iwe? Dzanja lako likudya mawu."

"Ndi zoona?"

"Za kumva zimanama. Tiyeni mukaone nokha. Pentiyo aziuma."

* * *

Anayenda kutsika ndi msewu. Anadutsa kwa wometa. Anadutsa kwa womata matayala. Anawoloka kamlatho. Nyumba zinayamba kuchepa. Kadontho anali patsogolo. Akuluakulu amayenda pang'onopang'ono bwanji!

Khola analimva ndi mphuno asanalione.

"Fuu!" anatero Achimwene.

"Limenelo ndi fungo la tiyi wako wam'mawa," anatero Mayi a ng'ombe. Kenaka anaitana. "Mawanga! Bwera kuno, mama. Kwabwera alendo."

Mawanga anabwera. Anali wamkulu kwambiri. Analibe chipewa. Analibe duwa. Analibe magalasi akuda. Anaima ndi miyendo inayi. Ntchentche zinkamuzungulira. Sankaseka. Ankangotafuna.

Kadontho anabisala kumbuyo kwa Ababa. Ababa anabisala kumbuyo kwa mtengo wa khola.

"Mawanga satsegula pakamwa ulele," anatero Mayi a ng'ombe. "Amafuna madeya. Amupatse ndani?"

Ababa anayang'ana kumwamba. Achimwene anayang'ana nsapato.

Kadontho ankaopa. Koma ankafuna kuona. Ankafuna kuona tsopano lino. Anatambasula dzanja limodzi.

"Ayi, kamwana. Manja onse awiri. Lilime la Mawanga ndi lalikulu. M'dzanja limodzi silikwana."

Kadontho anaganiza. Anayang'ana Mawanga. Anayang'ana Achimwene. Anawafulatira Achimwene. Anatseka milomo zolimba. Anachotsa dzanja pakamwa. Anatambasula manja onse awiri.

Mayi a ng'ombe anathira madeya.

Mawanga anasendera. Mpweya wake unali wofunda. Lilime linatuluka. Linali lalitali. Linali lokakala ngati sandipepa wa Ababa. Linanyambita m'manja. Linanyambita pakati pa zala. Linanyerenyetsa!

Kadontho analimbitsa milomo. Masaya anafufuma.

"Tsopano ona," anatero Mayi a ng'ombe.

Anagwira mphuno ya Mawanga. Anatsitsa mlomo wam'munsi. Mano analipo. Asanu ndi atatu.

Anakweza mlomo wam'mwamba.

Panalibe dzino. Ngakhale limodzi. Nkhama zokhazokha!

Kadontho anayang'ana. Ng'ombe yonseyi! Nyanga zonsezi! Mimba yonseyi! Koma magweru!

Chiseko chinachokera m'mimba. Chinakwera pakhosi. Chinapeza manja ali kutali. Chinatuluka chonse.

"Ha ha ha ha! Ababa, onani! Ababa, alibe!"

Nkhuku zinathawa. Ababa anatembenuka msanga. Anali atatha masabata awiri osamva kaseko kameneko.

"Ohoo!" anatero Mayi a ng'ombe. "Ndiye chimene umabisa ndi chimenechi? Mawanga, taona m'bale wako!"

Kadontho anasiya kuseka. Anafuna kubwezera dzanja. Koma dzanja linali ndi malovu a Mawanga. Analisiya lendee.

"Ake amera liti?" anafunsa.

"Samera. Ng'ombe zonse zili choncho. Kathole ako, kali choncho. Nkhunzi iyo, ili choncho. Otafunira ali nawo kumbuyo. Koma kutsogolo m'mwamba, mulibe."

"Nanga udzu amadula bwanji?"

"Amaukulunga ndi lilime. Kenaka amakoka. Thyo!"

"Sachita manyazi?"

"Tamuyang'ana wekha."

Kadontho anamuyang'ana. Mawanga ankatafuna. Ankagwedeza mchira. Za manyazi sankazidziwa.

Achimwene anasendera pafupi. Anasuzumira mkamwa mwa Mawanga.

"Eee, apa ndiye pali agogo awi..."

Mawanga anayetsemula. Fyaa! Madeya anadzaza kumaso kwa Achimwene. M'nsidze. M'mphuno. M'tsitsi.

"Mawanga salola mwano," anatero Mayi a ng'ombe.

Ababa anavula kapusi. Anaima pamaso pa Mawanga.

"Pepani, mayi," anatero kwa ng'ombe. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikukunamizirani. Lero ndikakonza."

* * *

Anabwerera kusitolo. Penti anali atauma. Ababa anakwera makwerero.

Anatenga penti wakuda. Anafafaniza mano am'mwamba. Anatsika. Anayang'ana.

Ng'ombe sinkasekanso. Mkamwa munali bii, ngati dzenje. Mwana wina anali kumbuyo kwa mayi ake. Anaiona. Analira.

"Amisiri!" anakuwa Bambo a sitolo. "Mwaitani ng'ombe yanga?"

"Ndikukonza, bwana."

Ababa anatenga penti wa pinki. Anapaka. Anatsika. Anayang'ana.

Tsopano ng'ombe inkaoneka yodwala. Inkaoneka ngati yalumidwa ndi njuchi.

Bambo a sitolo anagwira m'mutu.

"Mwandipha! Anthu aziti mkaka wanga umagulula mano. Bwezeranipo mano. Onse!"

"Ndikabwezera, ndikhala wabodza."

"Mukapanda kubwezera, khoma langa likhala loopsa ana."

Ababa anakhala pansi. Anayang'ana burashi. Anayang'ana khoma.

"Ine ndimapenta zomwe ndaona," anatero. "Papaketi pali mano. Pa kanema pali mano. Mawanga alibe mano, koma saseka. Kuseka kwa magweru ndikuonera pati?"



Anthu anali atayamba kusonkhana. Wometa anabwera ndi lumo m'manja. Womata matayala anabwera. Amayi ochokera kumsika anaima ndi madengu pamutu. Panalinso ana. Ena anali a m'kalasi mwa Kadontho.

Kadontho ankadziwa yankho. Yankho linafika mpaka pamilomo. Dzanja linali pomwepo. Linali litabwerera lokha panjira.

Anayang'ana anthu. Anali ambiri. Onse anali ndi maso.

Anayang'ana Ababa. Mapewa awo anali atagwa.



Kadontho anakoka chitini chachikulu. Anakwerapo. Anachotsa dzanja.

"Ababa," anatero. "Onerani apa."

Anatsegula milomo. Magweru anaonekera. Msewu wonse unawaona.

Ababa anadzuka. Anatola kaburashi. Anayang'anitsitsa.

"Zikomo, mwanangu. Koma uko ndi kuonetsa dokotala. Seka zenizeni."

Kadontho anayesa. Sizinatheke. Chiseko sichibwera pochiitana. Anasuntha mapazi. Chitini chinalira, gwede gwede.

Mnyamata wina anayamba kuloza. "Taonani uyo alibe..."

"Iwe, khala chete!" anatero Achimwene. "Ameneyo ndi mchemwali wanga. Womuseka ndine ndekha."

Kenaka Achimwene anaima kutsogolo kwa chitini. Madeya anali akadali m'nsidze. Anaika zala ziwiri pamutu ngati nyanga. Anatulutsa mimba. Anagwedeza mbuyo. Anayendetsa chibwano uku ndi uku, ngati Mawanga.

"Mooo," anatero ndi ulemu wonse. "Mwaswera bwanji, agogo anzanga? Mooo!"

Kadontho anayesa kupirira. Sanathe.

"Ha ha ha ha!"

"Choncho! Gwira pomwepo!" anakuwa Ababa.

Burashi inathamanga. Ababa ankayang'ana Kadontho. Ankayang'ana khoma. Kadontho. Khoma. Kadontho. Khoma.

Anakweza masaya a ng'ombe. Anachepetsa maso, ngati akutsinzina pang'ono. Anakwinya pamphuno. Anapenta nkhama zazing'ono, zosalala. Kenaka anaika kalilime. Kankasuzumira pampata, ngati ka Kadontho.

Ababa anatsika.

Ng'ombe inaseka. Inaseka ndi masaya. Inaseka ndi maso. Inaseka ndi magweru ake onse.

Wometa anayamba. Amayi a madengu anatsatira. Mwana uja analira uja anaomba m'manja. Msewu wonse unafa ndi chiseko.

Kadontho anamvetsera. Anthu ankaseka. Ankayang'ana ng'ombe. Ankayang'ana iye. Koma sizinkabaya. Zinkanyerenyetsa, ngati lilime la Mawanga.

Kamtsikana kena kanasendera. Kanali ka m'kalasi mwake. Kanali kosayankhulayankhula. Kanakoka diresi la Kadontho. Kanayasamula. Nako kanali ndi magweru!

"Iwenso?" anatero Kadontho.

"Kuyambira Lachinayi."

Kamnyamata kena kanathamanga. "Inenso! Inenso! Anga ndi atatu!"

Womata matayala anaima pambali pawo. Anamwetulira. Analibe limodzi.

"Inu muli ndi mwayi, anzanga," anatero. "Langa ndiye linatsanzika."

Anandanda pakhoma onse anayi. Ng'ombe inali yachisanu.

Ababa anatembenukira kwa Bambo a sitolo. Anaviika burashi mu penti woyera.

"Ndibwezere mano aja, bwana?"

Bambo a sitolo anayang'ana pakhomo. Anthu ankalowa. Ena ankaseka akulowa. Ena ankajambula khoma ndi mafoni.

"Mukhudze muone!" anatero. "Chotsani makwererowo msanga!"

Analowa m'sitolo. Anatuluka ndi kapu ya mkaka wozizira. Anaipereka kwa Kadontho ndi manja awiri. Kadontho anailandira ndi manja awiri. Anamwa wonse. Pamlomo panatsala ndevu zoyera.

* * *

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka. Amayi ankaanula zovala.

"Amayi! Amayi! Ng'ombe ilibe mano! Ine ndili pakhoma! Achimwene anayetsemuliridwa!"

"Pang'onopang'ono, mwanangu. Yamba ndi chimodzi."

Kadontho sanayambe ndi chimodzi. Anafotokoza zonse pamodzi. Manja ankaonetsa nyanga. Ankaonetsa lilime. Ankaonetsa burashi ya Ababa. Analibe nthawi yopita pakamwa.

"Ndinaikanso duwa kukhutu," anatero Ababa.

"Ndiye mwati ine ndine ng'ombe?" anatero Amayi.

"Ayi, mayi. Ng'ombe ndi uyu. Inu ndinu duwa."

Amayi anawamenya ndi sokosi. Kadontho anaseka mpaka anakhala pansi.

Amayi anamuyang'ana. Anasiya dengu.

"Taima kaye. Tayasamula."

Kadontho anayasamula. Amayi anawerama. Anakhudza nkhama ndi chala.

"Bambo ake, tabwerani muone."

Ababa anasuzumira. Achimwene anasuzumira. Pankhama panali kanthu koyera. Kanali kakang'ono ngati kambewu ka mpunga.

"Dzino likubwera," anatero Amayi. "Si limene umafuna lija?"

Kadontho anatong'ola maso.

"Ayi! Lisabwere lero! Lolemba ndikaitana a m'kalasi onse kukhoma. Akafika, ndizikafanana ndi ndani? Amayi, liuzeni lidikire!"

Amayi anakonza pakhosi. Anagwada. Anayankhulira mkamwa mwa Kadontho.

"Odi, a Dzino. Mwamva? Eniake akuti musafulumire."

"Mooo," anayankha Achimwene.

Onse anaseka. Kadontho ndiye anaseka kwambiri, pakamwa yasa.